Mawaya a Malemu

"Mtengo tchulani nokha, achimwene," anatero mayi wamasiye popatsa mnyamata wina gitala ya besi ya malemu amuna awo. "Koma mawayawa musadzachotse. Thukuta la zala zawo lili momwemo."

Mnyamatayo anavomera msangamsanga, mtima uli kale pasiteji. Loweruka lotsatira bandi ya malemuyo inkayembekezeka kuyesa woimba besi watsopano.

Koma atafika kunyumba, mawayawo ankalira mobanika, ngati munthu akuyankhula kuseri kwa chitseko, ndipo ankamusiyira dzimbiri m'zala. Angapate malo ndi mawu oterewa? Lachisanu anawadula n'kumanga atsopano, onyezimira.

Loweruka besi inalira mokoma mpaka mawindo a holo kunjenjemera.

"Aise, wayiukitsatu gitalayi!" anafuula woimba ng'oma. "Malo ndi ako."

Potembenuka, mnyamatayo anaona mayi aja ataima pakhomo, atavalabe zakuda. Mayiwo anabwera kudzamvanso kaliridwe ka gitala ya amuna awo. Anamvetsera nyimbo yonse ali chitsinzinire.

"Mwaimba bwino, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Ine ndimayesa bambo tinawaika mwezi watha uja. Kani tawaika lero."