Puleti Yowala Ngati Kalilole

"Ababa, chitsulo mukachipala chimameranso?"

Mwana wake wamkazi adafunsa choncho kalekale, makaniko n'kungoseka. Lero sadaseke.

Kwa masiku atatu adakhala akupala puleti ya m'mbali mwa injini ya galimoto ya aneba ake, injini yopanda mapisitoni, kuti achotse mzere umene chozungulira cham'kati chidakumba. Mzerewo udatha. Koma atayesa ndi tupa pakona, chitsulo chidadyeka ngati sopo. Khungu lolimba la pamwamba lidapita limodzi ndi mzerewo.

Aneba adalowa m'garaja n'kunyamula puletiyo.

"Eee, achimwene, kalilole weniweni! Ndiye kuti Lachinayi mayi akunyumba apita kuchipatala pa galimoto yawo?"

Makaniko akadangoimanga, injini ikadalira bwinobwino miyezi iwiri, popanda wodziwa kanthu.

"Ndaiwononga, aneba. Ndapala mopitirira. Idzakuferani panjira, odwala ali m'kati."

Aneba adadziyang'ana m'chitsulomo nthawi yaitali.

"Chikhalireni simunandikonzerepo chinthu chokongola chonchi."

"Mpaka ndipeze puleti ina, Lachinayi lililonse mayi ndiziwaperekeza ndekha pa galimoto yanga."

"Muzifika sikisi koloko. Ine sindiwauza chifukwa chake."

"Ndizifika, aneba."