Lumo Pakhosi pa Mbola

Magetsi anazima mutu uli pakati. Mbali ya kumanja inali itasalala kale, ya kumanzere tsitsi likadali nyankhalala. Anthu awiri amene ankadikira pabenchi anatsonya n'kutuluka. M'kachipinda kometera muja munatsala wometa, bambo waimvi wa manja akuluakulu, ndi mtolankhani amene anali pampando, nsalu itamangidwa m'khosi.

"Musadandaule, bwana. Tiyambe ndi ndevu, mwina ayaka," anatero wometayo akutulutsa lumo m'dirowa. Anakankha chitseko ndi phazi kuti mvula isalowe, n'kutembenuzira mpando kuwindo komwe kunali kowala.

Apo m'pamene mtolankhani uja anachiona. Pambali pa windo panamatidwa pepala lodulidwa m'nyuzi, mutu wake wa zilembo zikuluzikulu: CHIPUPA WAGUMUKA, AKAPUME. Pamwamba pake panali chithunzi cha goloboyi yemweyo, Chipupa, atanyamula chikho.

Nkhani imeneyo anailemba iyeyo. Lolemba lililonse ankalemba danga la masewero pa dzina loti Mbola, lopanda chithunzi, ndipo kuseri kwa dzinalo ankaluma anthu mosaopa. Mwezi wathawo, Chipupa atalowetsa zigoli zinayi, china chodutsa pakati pa miyendo, Mbola analemba kuti manja a mkuluyu asanduka sefa, maso ake saonanso mpira, ndipo ngati ali ndi makolo abwere adzamutenge. Tsiku limenelo ku ofesi anamuombera m'manja.

"Mukumudziwa ameneyo?" anafunsa wometa akumupaka thovu m'masaya.

"Ndimangomuonera pa kanema, bambo."

"Ndi mwana wanga. Wachisamba."

Kalanga ine! M'tauni yonseyi, yodzaza ndi malo ometera ngati nyerere, mvula inamuthamangitsira muno basi? Anayang'ana chitseko. Chinali pafupi, mapazi atatu okha, koma chala chachikulu cha wometa chinali chitamukweza kale chibwano, ndipo lumo linatera pansi pa khutu, lozizira.

"Nkhani iyi anaiwerenga kanayi," anapitiriza wometa, lumo likutsika pang'onopang'ono. "Analira, munthu wa ndevu zake, wa ana awiri. M'mawa mwake anakabweza magolovesi. Zaka khumi ndi zitatu pagolo zinathera pa kapepala aka."

"Pepani," anatero mtolankhani, milomo yokha ikugwedera.

"Musalankhule ndikakhala pakholingo. Lumoli ndanola m'mawa."

Thukuta linkatsika mumsana mwa mtolankhani uja. M'thumba la malaya, pansi pa nsalu ija, munali chiphaso chake cha ntchito, dzina la nyuzi lili poyera. Ankachimva ngati khala la moto pachifuwa.

"Ku ofesi ya nyuziyi ndapitako kawiri kukafunsa kuti Mbola ndani," anatero wometa. "Akuti sitiulula, ndi lamulo. Chabwino. Koma tsitsi limamera pamutu pa aliyense. Tsiku lina adzabwera yekha, adzakhala pampando womwewu. Ndamusungira zake."

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, foni inayamba kunjenjemera m'thumba la buluku. Nthawi ngati imeneyo woimba sakanakhala wina koma mkonzi wa nyuzi, munthu wa mawu ngati wolengeza pamsika, amene moni wake unali umodzi: "A Mbola, nkhani ili kuti?"

"Yankhani, ndidikira."

"Ayi, ndi akunyumba. Ndiwaimbirabe."

Foni inaleka, inayambanso, inalekanso. Mvula inkasokosera pamalata. Ngakhale munthu akanakuwa, panja sakanamva kanthu. Mtolankhani uja anaganiza za mkazi wake, anaganiza za tsamba loyamba la mawa, dzina lake lenileni lili pamenepo koyamba. Mantha anamugwira zenizeni, osati ocheza.

Wometa anapukutira lumo pachinsanza, n'kuliikanso pamtsempha wa m'khosi.

"Nanga inu, bwana, mukuoneka kuti ndinu owerenga. Mbola ameneyu mumamuona bwanji?"

Eee, funso lake limenelo! Kodi wandizindikira? Akundiyesa? Njira yotulukira wamoyo anaiona imodzi yokha, ndipo anaithamangira.

"Ndi chitsiru, bambo."

Lumo linaima.

"Chitsiru chenicheni," anabwereza, poona kuti zikuyenda. "Munthu woti mpira sanaugundepo chibadwire. Amangokhala pa ofesi, mimba kutsogolo, kumanyoza anthu amene akukhetsa thukuta. Atolankhani a masiku ano ndi otero, nkhani akasowa amalemba njiru. Kukanakhala kuti ndi mwamuna, bwenzi akuika nkhope yake pa nyuzipo."

Pakamwa pakatseguka ndi mantha sipatsekeka msanga. Anamutukwana Mbola kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mawu ena oti iye mwini anali asanawalembepo. Zinkamupweteka mumtima, inde, zaka zisanu ndi ziwiri za danga lake kuzipondaponda chonchi, koma khosi ndi limodzi.

"Chipupa ndi goloboyi, bambo, palibe wina," anamaliza akupuma mwabefu. "Akanatha kusewera zaka zina zisanu. Ine ndikanakhala inu, ndikanamuuza kuti aiwale za galu ameneyu, abwerere pagolo mawa lomwe."

Wometa anaika lumo patebulo. Anamasula nsalu m'khosi, n'kukatsegula chitseko.

"Tulukani," anatero. "Adokotala ananena kalekale kuti mpira ukadzam'menyanso kumutu, diso lotsalalo lipita, poti linalo linafa kale. Zaka zitatu ine ndi mayi ake tikum'gwadira kuti asiye mpira, osatimvera, anadzamvera Mbola yekha. Munthu amene anandipulumutsira mwana simungam'tukwanire pampando wanga."