Timiphika ta Pawindo la a Gerard

Maness ankapukuta fumbi pawindo pamene a Gerard anamudzudzula kachitatu sabata imeneyo.

"Usayerekeze kuthira madzi pamenepo, Maness. Zagona."

Kugona kwake kuti? Pawindo la pabalaza panali timiphika tadothi todzaza mchenga ndi timiyala, ndipo m'kamphika kalikonse munali timibulu touma gwa, tonga makoko a nzama. A Gerard ankati zimenezi ndi konofaitamu, zomera zosowa za kuchipululu cha ku Namibia, ndipo anali atazisunga zaka makumi atatu. Ankati zimamwa madzi nthawi yachisanu yokha, kukatentha zimagona, ndipo madzi a mu Julaye, mwezi wotentha kuno kudziko la azungu, kwa izo ndi poizoni. M'mawa uliwonse ankazipatsa moni.

Maness anakulira m'madimba a ku Lizulu. Za mbewu sakanaphunzitsidwa ndi mzungu wa zaka makumi asanu ndi atatu amene sanagwirepo khasu. Dzuwa likamaswa mtengo mbewu imafuna madzi, ndipo chouma ndi chakufa basi. Ntchito yosamalira mkuluyu anaiyamba mu Meyi, ndipo chiyambire sanaonepo ndi tsamba limodzi lomwe pawindopo.

Koma ankawakonda a Gerard, ndi kulongolola kwawo komwe. Amene ankamuopa anali mwana wawo, Louisa. Chaka chimenecho cha 2006, nyumba za ku Crumlin, dera limene a Gerard ankakhala, zinkagulidwa penti ya pachikwangwani chotsatsa nyumbayo isanaume. Louisa, amene kale ankangoimba foni pa Khirisimasi, tsopano ankabwera Lamlungu lililonse, maso ali kudenga ndi m'makoma, bambo ake osawayang'ana n'komwe. Galu wamkota sakandira pachabe. Tsiku lina anaima pawindo paja n'kunyamula kamphika kamodzi ndi zala ziwiri.

"Mwezi wamawa kubwera dokotala kudzaona ngati mutu wa bambo ukuyenda bwino," anauza Maness motsitsa mawu. "Munthu wopatsa moni zinthu zakufa sangakhale yekha. Malo kunyumba yosungira okalamba ndapeza kale."

Maness mtima unamuwawa kwambiri. A Gerard analowa m'nyumba imeneyi tsiku la ukwati wawo, akazi awo anamwalirira m'chipinda cham'mwamba, ndipo anamuuzapo kuti tsiku lodzatulutsidwa muno ndilo adzayambe kufa.

Ndiye anaganiza zowathandiza. Patangophuka kamphukira kamodzi kokha, dokotala sakananena kuti mkuluyu amacheza ndi zinyalala. Masana aliwonse, a Gerard akangoyamba kuwodzera pampando itatha nkhomaliro, Maness ankatenga tiyipoti n'kuthirira kamphika kalikonse mpaka mchenga kukhuta.

"Dzukani inu," ankanong'oneza. "Mukufuna a boss apite ku nursing home, kosungira okalamba kuja?"

Pamwamba ankawazapo mchenga wouma kuti eni ake asazindikire. Anachita zimenezi masabata atatu, osadumphitsa. Palibe chinaphuka. M'malo mwake pabalaza panayamba kumveka kafungo ka chinthu chofa, ndipo Maness anangoti chamumtima, ndinanena ine.

Dokotala anabwera Lachinayi m'mawa, kumwamba kuli bii. Anali mayi wofatsa, wa mawu otsika, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunamuopsa Maness. Anafunsa a Gerard dzina la msewu wawo, anayankha bwino. Anawafunsa tsiku, anaphonya ndi limodzi. Cholembera chinayenda pang'ono. Kenako Louisa analoza pawindo.

"Afunseni za izo, adokotala."

A Gerard anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso lomwe wakhala akulidikira. Anadzuka ndi ndodo yawo n'kutenga kamphika koyamba.

"Mwana wangayu akuti ndimasunga mitembo," anatero. "Khungu loumali ndi chofunda chabe. Mkatimu muli moyo. Penyani bwino."

Anakanda kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Kanafwafwanyika, ndipo munatuluka madzi akuda onunkha. Anatenga kamphika kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu, kachinayi, mpaka kumapeto kwa windo. Zala zawo zinali zakuda.

"Zimakhala zobiriwira," anatero ndi mawu aang'ono. "Chaka chilichonse zimakhala zobiriwira. Maness, tawauza."

Maness anayang'ana pansi. Akanawauza chiyani? Iye anali atayesetsa mmene akanathera, koma chakufa sichidzuka. Anamva chisoni chachikulu kuona kuti Louisa, ndi dyera lake lonselo, ankanena zoona. Dokotala analemba nthawi yaitali osadzutsa mutu.

Lolemba lotsatira Louisa anabwera ndi galimoto. A Gerard anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, osacheukira ngakhale pawindo. Ali pakhomo, Louisa anauza Maness kuti ataye zonse za pawindopo, chifukwa masana kubwera anthu odzaona nyumba.

Galimoto itakhota pangodya, Maness anatenga thumba la zinyalala n'kuyamba kuponyamo timiphika, misozi ili mbwembwembwe. Atakoka katani kuti apukute bwino, anapeza kamphika kena kakang'ono kobisika kuseri kwa nsalu, kokhako kamene tiyipoti yake sinakafikepo. Timibulu take tinali touma gwa, monga tinalili tinzake asanayambe kutithirira. Anakanda kamodzi ndi chikhadabo.

Khungu linasendeka ngati pepala. Mkati munali biriwiri, kachomera kolimba, konenepa, kamoyo ndithu, kakungodikira chisanu.