Mfuti ya pa Geti la Fakitale

Mkulu wina anapuma pa ntchito ya ulonda kalekale, koma mfuti yake ya chilolezo amaisamala kuposa mano ake. Tsiku lina kutangoda, mayi a kunyumba anamutuma kukagula mabatire a tochi. Miyendo, poti simva malangizo, inamudutsitsa pa fakitale ina yotsekedwa, pomwe analondera zaka makumi awiri.

Pa benchi lakale la alonda anapeza mfuti itatsamira khoma, mwiniwake osaoneka.

Sanaikhudze. Mfuti ya eni sunyamula, komanso suisiya yokha, pakuti m'mawa ana asukulu amadutsa pomwepo. Anaimbira apolisi.

"Dikirani pomwepo, bambo. Galimoto ikapezeka tibwera."

"Ndiye kuti ndimerera ndevu pano," anatero akukhala pansi.

Atayang'anitsitsa, anaona kuti lamba wa mfutiyo ngolumikiza ndi mphira wa njinga. Ankamanga choncho munthu mmodzi yekha, malemu Chimkonono, mnzake wa pa geti. Anamwetulira pokumbukira mmene ankamwera tiyi wa botolo limodzi n'kumasinthana kugona, wina akulondera bwana m'malo mwa akuba.

Kenako m'kanyumba ka alonda, kokhoma ndi loko, munthu anayasamula.

"Wachedwa, mdala," anatero mawuwo. "Ndaimirira mokwanira. Landira ntchito, ine ndikagoneko."

Nsapato zinamveka go, go, go, kulowera mumdima. Mkulu uja anati adzuke aliyatse liwiro, koma mfuti akanaisiya ndi yani?