Madzi Ofiira Pansi pa Khoma

Madzi anali kutuluka pansi pa khoma la damu, ofiira ndi dothi. Mayi wina, mmodzi mwa eni damulo, anagwada n'kuwatunga m'manja. Dothilo linali la khoma lomwelo.

Kumtunda, mchimwene wake anali kumasula mabwato. Basi ya ana asukulu odzasambira inali italowa kale pachipata.

"Achimwene, tabwerani mudzaone."

Mchimweneyo anatsika, n'kupondapo. Nsapato inatitimira mpaka m'kakolo.

"Ndi mvula ya dzana ija," anatero.

"Woyendera madamu uja anati madzi akadzatuluka ofiira tisadikire. Anthu achoke, titsegule mpopi wotulutsira madzi."

"Amanena zomwezo kulikonse ameneyo. Damuli anatisiyira ndi abambo, achemwali. Tikaliphwetsa lero, aboma sadzatilolanso kulidzaza. Tidzadya matope?"

Mayiyo anayang'ana kumunsi kwa chigwa. Kunali nyumba za anthu, zovala zili pachingwe, mwana akukwawa pakhomo.

"Ana asewere pang'ono, tikambirana masana," anatero mchimwene wake, akusisita thumba momwe munali kiyi wa mpopi.

Mayiyo anakwera khomalo. Mphunzitsi wa anawo anamuchingamira akumwetulira.

"Mayi, tiyambe kuwaveka majekete osambirira?"

Ana anali atavula kale nsapato, akukankhana pamzere.

"Akwezeninso m'basi, aphunzitsi. Mukatsika, muime panyumba zili kumunsizo, muwauze anthu a kumeneko akwere kumtunda."

Kumbuyo kwake, mchimwene wake anamuitana ndi dzina laubwana, limene ankamuitanira abambo awo okha. Iye sanacheuke.