Galu Wobwereka wa a Trevor

Wofuna kutsutsa atsutse, koma izi zinachitikadi, ndipo mwini nkhani ndimakumana naye pamasitepe.

Panali bambo wina kuno ku Bradford, dzina lake Trevor Birtles. Ankakhala pamwamba penipeni pa mafulati athu ndi mkazi wake Glenda, mayi wodwala mawondo. Masitepe ankamuliza mayiyu, moti awiriwa anali atapeza kale kanyumba kapansi. Ankangodikira kuti banki iwabwereke ndalama.

Koma Trevor anali wamtima wapachala. Anthu opita kumpira ankaimika magalimoto pamalo athu, iye n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo kuti tiitane kampani yolondera malowo.

"A Trevor, galu wobwereka sadziwa mwini nyumba," anatero Glenda.

"Inu musandiphunzitse. Aone polekera amenewa."

Kampani inabweradi. Aliyense anapatsidwa kapepala ka chilolezo koika pagalasi lakutsogolo la galimoto. M'mawa wina kukuzizira, Trevor anapukuta galasilo ndi mkono wa jekete, kapepala kaja n'kugwera pansi pa mpando. Madzulo anapeza chikalata chachikasu atachimata pagalimoto: chindapusa, mapaundi 100. Pamalo ake omwe!

Anaimbira foni kampani ija.

"Mayi, malo amenewa ndi anga. Ndimakhala pompano!"

"Kapepala kamaoneka, bambo?"

"Kanagwa! Komanso amene anakuitanani kuno ndine!"

"Zikomo potiitana. Kapepala kamaoneka?"

Trevor anadula foni.

Glenda anati, "Pafoni simuphulapo kanthu. Alembereni modekha, mutumize umboni woti malowo ndi athu. Akakana, kuli kwina kokadandaula."

"Ndipepese kwa akuba? Ine?"

Anapita kubala kukamwa mowa. Kumeneko anapeza mkulu wina wosamudziwa, wajekete lachikopa, wodziwa zonse.

"Achimwene, amenewo si boma, si apolisi. Makalata awo muziyatsira moto. Ndipo ndikuuzeni nzeru: chikalata chachikasucho musachichotse pagalasi. Mlonda akachiona aziti munalangidwa kale, azingodutsa. Kapepala kawoko katayeni, malo ndi anu."

Trevor anamugulira mowa, n'kuchitadi zomwezo.

Mlonda sanadutse. Ankafika, kujambula, n'kumata china pamwamba pa chakale. Sabata isanathe galasi linali ngati khoma la zidziwitso. Trevor anamudikirira panja.

"Iwe, sukundidziwa? Ntchito imeneyi unaipeza chifukwa cha ine!"

"Ndathokoza, bwana. Tasunthani pang'ono, mukutchinga nambala."

Makalata anayamba kubwera, oyera, kenako a zilembo zofiira. Onse ankathera m'bini. Inabwera ina yochokera kukhoti.

"Iyi yokha tsegulani, chonde," anatero Glenda.

"N'zoopsezera ana izi."

Khoti linagamula iye kulibe, dzina lake n'kulowa m'gulu la anthu osabweza ngongole. Iye osadziwa.

Tsiku lopita kubanki anavala tayi, Glenda atayamba kale kulongedza mbale m'makatoni. Mtsikana wa pabankipo anayang'ana pakompyuta, nkhope n'kusintha.

"Pepani bambo, khoti linakupezani olakwa pa ngongole. Sitingakubwerekeni."

"Ngongole yanji? Ndi kapepala chabe kanagwa!"

"Mukanakafotokoza kukhotiko. Mudzayesenso pakapita zaka."

Kanyumba kaja anagula ena. Mkulu wajekete lachikopa sanaonekenso kubala.

Atafika kunyumba, Glenda anaima pansi pa masitepe, kuwayang'ana mpaka pamwamba, kenako kuyang'ana mwamuna wake.

"Weramani."

Kuyambira tsiku limenelo Trevor amamubereka mkazi wake kumsana, kukwera ndi kutsika, anthu a mpira akumuimbira m'manja.

Phunziro: Ukhoza kukhala wosalakwa koma n'kuluza chifukwa cha phuma. Akakulipiritsa mosayenera, yankha molemba, nthawi isanathe, ndipo kalata ya khoti siyoyatsira moto. Loya wa kubala sadzapita nawe kubanki. Tumizirani anzanu onse amakani, makamaka amene akuti "ine sangandiyambe."

Chabwino, zoberekazo ndawonjezera ndine. Msana wa Trevor sunganyamule ngakhale thumba la mbatata. Glenda amakwera yekha, atagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, akupumira sitepe iliyonse. Trevor amabwera pambuyo ndi zikwama, ndipo mayiyo sanamuyankhulebe.