Nyimbo Imene Anaitsitsa

Poyeserera komaliza, woimba wokalamba anafika pa mawu okwera amene kwa zaka zambiri ankaliza akazi m'maholo. Mawuwo anatuluka mosavuta. Iye anasiya kuimba.

"Mlamu," anatero kwa woimba gitala, "dzana khosi linakana pomwepa. Lero zatheka bwanji?"

Mlamuyo anayang'ana nsambo za gitala. "Taitsitsa pang'ono, alamu. Mawa anthu sadzazindikira."

"Mwayamba lero zimenezi?"

"Tinayamba imvi zisanamere."

Wokalambayo anayang'ana mipando yopanda anthu, osadziwa ngati awathokoze kapena awathamangitse.

"Tiyambirenso," anatero pomaliza.

Woimba ng'oma anakweza timitengo take. "Pamwamba kapena pansi, akuluakulu?"

Wokalambayo anakweza chala, kenako pang'onopang'ono analoza pansi.